Tifunseni: Mapu Akale a Mapiri a Bighorn ndi Mafamu a Ng'ombe a ku Wyoming

Mwezi uno makalata ambiri akhudza mapu akale owonetsa mapiri, zigwa ndi mitsinje, makamaka a kumadzulo kwa America komwe ng'ombe ndi nkhosa zimadyera m'mapiri. Tatenga mapiri a Bighorn, kumpoto kwa Wyoming, kuti mayankho onse akhale pa dera limodzi. Oyankha ndi asaveya komanso alangizi a za msipu.

Funso: Ndimaphunzitsa jogalafe kusekondale. Ndamva kuti mapu akale a ku America amapezeka ulere. Ndiwapeza kuti, ndipo ndisankhe ati? (Mphunzitsi, Dedza)

Yankho: Mwamva zoona aphunzitsi. Bungwe la boma la United States Geological Survey, kapena kuti USGS, linakhazikitsidwa mu 1879, ndipo mu 1884, mtsogoleri wake ali John Wesley Powell, linayamba ntchito yojambula dziko lonse kachigawo ndi kachigawo. Mapu amene linasindikiza kuchokera nthawi imeneyo mpaka 2006, oposa 170,000, anawajambula pa makina n'kuwayika pa intaneti. Sakani dzina loti topoView, lembani dzina la malo, mwachitsanzo Buffalo, Wyoming, ndipo mapu onse a pamalopo atuluka mondondozana ndi zaka zake. Pophunzitsira tengani a JPEG chifukwa sadya bandulo kwambiri. A GeoTIFF ndi a amene akufuna kuwatsegula mu pulogalamu ya mapu monga QGIS, ndipo a KMZ amatseguka mu Google Earth.

Posankha yang'anani sikelo. Mapu oyambirira a m'mapiri ambiri ndi a 1:125,000, pomwe sentimita imodzi ikuyimira makilomita 1.25, ndipo ku Bighorn pepala limodzi limatenga dera la makilomita pafupifupi 55 m'litali ndi 40 m'lifupi. Kenako kunabwera a 1:62,500, sentimita imodzi mamita 625. Atsatanetsatane ndi a 1:24,000, sentimita imodzi mamita 240, pepala limodzi makilomita pafupifupi 14 ndi 10. Amenewa anachuluka itatha nkhondo yachiwiri yapadziko lonse ndipo anawamaliza mu 1992. Pepala limodzi lakale la 1:125,000 limameza mapepala 16 a 1:24,000.

Yambani ndi pepala la Cloud Peak, phiri lalitali koposa ku Bighorn, lopitirira pang'ono mamita 4,000. Analiyeza kumapeto kwa zaka za m'ma 1890, ndipo m'modzi mwa oyezawo anali François Matthes, amene pambuyo pake anajambula Grand Canyon ndi Yosemite. Muliyike pambali pa pepala la 1:24,000 la malo omwewo kuti ana aone okha kusiyana kwake. Populinta musalole makina kuchepetsa mapu kuti akwane pa A4, chifukwa sikelo yolembedwa m'manambala siyigwiranso ntchito. Ngati mwachepetsa, muziyeza ndi kamzere ka sikelo kali m'munsi mwa mapu, poti kameneko kamachepa limodzi ndi mapuwo.

Funso: Pepala limodzi lili ndi zaka zitatu zosiyana. Chaka chenicheni cha mapu ndi chiti? (Wophunzira za usaveya, Blantyre)

Yankho: Apa ndi pamene ambiri amagwa, ngakhale olemba mbiri amene. Musanayang'ane phiri kapena mtsinje uliwonse, werengani timalemba ta m'mphepete, makamaka m'munsi kumanzere ndi kumanja.

Mawu akuti Surveyed in akunena chaka chimene asaveya anaponda pamalopo. Chimenecho ndiye chaka cha zinthu zimene mukuwona. Edition of ndi chaka chimene mapu anasindikizidwa koyamba, kawirikawiri patapita zaka ziwiri kapena zingapo. Reprinted ndi chaka chimene anangowasindikizanso mapepala atatha m'sitolo, nthawi zambiri osasintha kanthu kapena atangokonza dzina limodzi. Choncho pepala lingalembedwe kuti 1930 pomwe nyumba, misewu ndi makola ake ndi a m'ma 1890. Wina akanena kuti famu yakutiyakuti inalipo mu 1930 chifukwa waiwona pa pepala lotere, ndiye kuti wanamizidwa ndi chaka cha osindikiza.

Mapu a 1:24,000 ali ndi zaka zinanso ziwiri: chaka chimene ndege inajambula zithunzi, ndi chaka cha Field checked, pamene munthu anapita kukatsimikiza. Ndiye pali mtundu wa pepo. Chilichonse chojambulidwa ndi pepo, kaya msewu, damu kapena nyumba, chinawonjezeredwa pambuyo pake poyang'ana zithunzi za ndege basi, ndipo pamapu pamalembedwa Photorevised ndi chaka chake. Palibe anapitako. Kanyumba ka pepo kangakhale shedi ya udzu, ndipo makontuwa, mizere yowonetsa kukwera ndi kutsika kwa malo, nthawi zambiri sanawakhudze n'komwe.

Muyeneranso kudziwa m'mene oyamba aja ankagwirira ntchito, chifukwa zimenezo ndizo zimakuuzani pokhulupirira ndi pokayika. Saveya ankakwera pachitunda ndi thabwa la miyendo itatu, pepala atalimata pamwamba pake. Ankayika pa pepalapo chida chokhala ndi rula ndi kagalasi kowonera patali, n'kuloza nsonga ya phiri imene malo ake ankawadziwa kale, kenako nsonga ina yosadziwika, n'kulemba mzere motsata rulayo. Akapita pachitunda china n'kulozanso nsonga yosadziwika imene anailoza kale koyamba kuja, podutsana mizere iwiriyo ndi pamene pali nsongayo. Malo oyezedwa motere anali owerengeka. Pakati pawo makontuwa ankangowajambula ndi diso. Chifukwa chake nsonga, zitunda zapoyera ndi zigwa zikuluzikulu zimakhala pamalo ake, koma tizigwa takuya todzaza mitengo ya paini, timene saveya sakanatha kuwona pansi pake, timatha kupindika molakwika kapena kusowa kumene.

Muyezo wovomerezeka wa kulondola kwa mapu unadza mu 1941 ndipo unakonzedwanso mu 1947. Pa 1:24,000 umafuna kuti malo 90 pa 100 aliwonse oyezedwa asaphonye ndi mamita oposa 12, ndipo kutalika kwa malo kusaphonye ndi zoposa theka la mpata wa makontuwa. Mapu otsata muyezowu amanena zimenezo m'munsi. Amene sakunena musawapanikize kuti akupatseni zimene alibe.

Funso: Ndimagwira ntchito kuno ku America. Abwana anga akufuna kudziwa pamene panali nyumba yoyamba ya famu ya agogo awo kufupi ndi Buffalo. Mapu akale angathandize? (Mayi wa ku Denver)

Yankho: Angathandize mayi, koma paokha sangakwanitse. Muyambe ndi chikalata cha malo, mapu abwere pambuyo.

Malo a kumadzulo kwa America anawadula m'mabokosi motsata lamulo la 1785. Bokosi lalikulu, township, ndi mailosi 6 mbali iliyonse, ndipo lili ndi mabokosi ang'onoang'ono 36 otchedwa section, lililonse maekala 640 kapena mahekitala pafupifupi 259. Pa mapu a 1:24,000 mizere yake ndi yofiira ndipo nambala imakhala pakati pa bokosi. Kawerengedwe kake kamasokoneza: nambala 1 ili pakona ya kumpoto chakum'mawa, mumawerenga cholowera kumadzulo mpaka 6, 7 amakhala pansi pa 6, n'kubwerera kum'mawa mpaka 12, mokhotakhota choncho mpaka 36 pakona ya kummwera chakum'mawa. Amene amawerenga mzere uliwonse kuyambira kumanzere amakapezeka mailosi angapo kutali ndi malo enieni.

Zikalata zimene boma linapereka kwa eni malo oyamba zili pa intaneti, pa tsamba la General Land Office Records la Bureau of Land Management, nthambi yoyang'anira malo a boma. Mukalemba dzina la agogowo ndi boma la Johnson County, mupeza mawu onga awa: NW¼ Sec. 14, T. 49 N., R. 83 W. Kumasulira kwake, ndi gawo limodzi mwa magawo anayi, la kumpoto chakumadzulo, la section 14, mu township ya nambala 49 kumpoto kwa mzere woyambira, mzere wa mabokosi wa nambala 83 kumadzulo kwa Sixth Principal Meridian. Ndi maekala 160. Pezani bokosilo pa mapu a 1:24,000, kenako mulisamutsire pa mapu akale potsata pokumana mitsinje.

Kukula kwa malowo kukuuzani nthawi. Lamulo la Homestead la 1862 linkapereka maekala 160, la 1909 linafika 320, ndipo la 1916, lopangidwira oweta ziweto, linafika 640. Powell anali atanena kale mu 1878 kuti kudera louma chotere famu ya ziweto imafuna maekala 2,560, koma sanamumvere. N'chifukwa chake mabanja ankatenga kamalo kokhala ndi madzi, ng'ombe n'kumadyera m'malo a boma ozungulira. Nyumba yoyamba muifunefune m'mbali mwa mtsinje kapena pa kasupe, osati pachitunda. Dziwaninso kuti chaka cha pa chikalata chimachedwa: munthu ankayenera kukhala pamalopo zaka zisanu asanachilandire, ndipo mu 1912 anazichepetsa kukhala zitatu.

Pa mapu, nyumba ndi kabokosi kakuda. Pa mapu a pakati pa zaka za m'ma 1900, kabokosi kodetsedwa konse ndi nyumba yokhala anthu, kopanda kanthu m'kati ndi khola kapena shedi. Kasupe ndi kabwalo ka buluu kokhala ndi kamchira. Mzere wa buluu woyenda motsata kontuwa m'mbali mwa chigwa, m'malo motsika nacho, ndi ngalande yothirira udzu wodula, ndipo ngalande yotere imathera pafupi ndi pakhomo. Mawu akuti Cow Camp kumtunda kwa phiri si pakhomo, ndi msasa wa abusa wa m'nyengo yotentha.

Mukapanda kuwona kabokosi musati nyumba kunalibe. Pa 1:125,000 saveya ankalemba zimene wawona kuchokera pamene wayima, m'miyezi yochepa imene chipale chasungunuka. Mipanda ya waya waminga, ngakhale inafala kuchokera pamene Joseph Glidden analembetsa wake mu 1874, mapu akale sankayiwonetsa, ndipo a pambuyo pake amangowonetsa ina ndi ina.

Funso: Ndayika mapu akale pamwamba pa chithunzi cha setilayiti, koma mtsinje wa pamapu wagwera pambali pa mtsinje weniweni. Cholakwika n'chiyani? (Wowerenga wa ku Lusaka)

Yankho: Onani kaye ngati zinthu zonse zasuntha mofanana. Ngati mtsinje, msewu ndi nsonga za mapiri zonse zapita mbali imodzi ndi mtunda umodzi, vuto ndi datum, maziko amene manambala a malo amayambira. Mapu ambiri a USGS a m'zaka za m'ma 1900 ali pa NAD27, yomwe poyambira pake ndi chizindikiro chili pa famu ya Meades Ranch ku Kansas. GPS ndi zithunzi za setilayiti zili pa WGS84, yomwe imayandikana kwambiri ndi NAD83. Ku Wyoming, mukasakaniza ziwirizi pa latitude ndi longitude mumaphonya ndi mamita makumi angapo, makamaka kum'mawa ndi kumadzulo. Mukasakaniza pa manambala a UTM, amene amawerenga malo m'mamita, mumaphonya ndi mamita pafupifupi 200 kumpoto ndi kummwera.

Kukonza kwake: mu QGIS tengani GeoTIFF ya ku topoView, poti imabwera itakhazikidwa kale pamalo ake. Ngati mwajambula nokha pepala, gwiritsani ntchito Georeferencer, dinani makona anayi a mapu ndi timitanda ta m'kati, lembani latitude ndi longitude zosindikizidwa pamenepo, ndipo muuze pulogalamu kuti manambalawo ndi a NAD27, yomwe nambala yake ndi EPSG:4267. Cholakwa chofala n'kusiya WGS84 imene pulogalamu imadzisankhira. Chachiwiri n'kuiwala kuti longitude ya kumadzulo imayamba ndi kachizindikiro kochotsera, ndipo mapu anu a Wyoming amakatera ku Asia. Pa GPS ya m'manja lowani m'masetingi musinthe datum ifanane ndi ya pamapu.

Ngati kusunthako sikufanana, apa mamita 50 apo 300, ndiye kuti ndi kajambulidwe ka diso kaja, kapena pepala linafota ndi kutambasuka ndi chinyezi, kapena mtsinjewo unasinthadi njira. Powder River ndi Crazy Woman Creek zikatsika m'chigwa zimasuntha magombe ake. Musadine pa mtsinje pokhazika mapu.

Kampasi nayo ili ndi msampha wake. Kachithunzi ka mivi kam'munsi mwa mapu kamawonetsa kusiyana kwa kumpoto kwenikweni ndi kumene singano inkaloza m'chaka cha mapuwo, ndipo ku Wyoming kusiyanako kwatsika ndi madigiri angapo m'zaka 100 zapitazi. Digiri imodzi imakupatutsani mamita pafupifupi 17.5 pa kilomita iliyonse. Madigiri 6 pa makilomita 3 ndi mamita oposa 300, okwanira kukulowetsani m'chigwa china. Nambala ya chaka chino itengeni pa tsamba la NOAA, bungwe la boma la America loona za nyanja ndi nyengo.

Funso: Kodi mlangizi wa ziweto angadziwe bwanji kuchokera pa mapu malo amene ng'ombe zingadyedi? (Mlangizi wa ziweto, Mzimba)

Yankho: Makontuwa, mizere ya bulawuni ija, ali ngati akalozera a m'munda wa pamtsetse: mzere uliwonse umayenda pamlingo umodzi, osakwera osatsika. Mpata wapakati pa mzere ndi mzere umalembedwa m'munsi mwa mapu. M'mapiri, pa 1:24,000, kawirikawiri ndi mafiti 40, kapena mamita 12.2, ndipo mzere wachisanu uliwonse ndi wonenepa, wokhala ndi nambala.

Ikani rula modutsa mizereyo, muwerenge mipata imene ili mu sentimita imodzi. Tinene kuti ndi isanu. Ndiye kuti malo akwera mamita 61 pa mtunda wa mamita 240. Gawani 61 ndi 240, mupeza 25 peresenti. Mipata iwiri ndi 10 peresenti, 12 ndi 61 peresenti. Muziwerenga mipata, osati mizere, poti mizere isanu ndi umodzi ndiyo imapanga mipata isanu.

Katswiri wa msipu Jerry Holechek anapereka mu 1988 kachitidwe kamene alangizi a kumeneko amatsata. Malo otsetsereka mpaka 10 peresenti mumawawerenga onse. Kuyambira 11 mpaka 30 mumachotsa 30 pa 100. Kuyambira 31 mpaka 60 mumachotsa 60 pa 100. Kupitirira 60 simuwerenga n'komwe, ng'ombe sizidyako. Madzi nawonso: mpaka makilomita 1.6 kuchokera pomwera mumawerenga zonse, pakati pa 1.6 ndi 3.2 theka, kupitirira apo palibe. Jambulani mabwalo awiri kuzungulira kasupe aliyense, pa 1:24,000 loyamba masentimita 6.7 kuchokera pakati, lachiwiri 13.3, ndipo muwona kuti phiri looneka lodzaza msipu lili ndi zigawo zazikulu zimene ng'ombe sizifika, pomwe m'mbali mwa mtsinje mukudyedwa mpaka fumbi. Nkhosa zokhala ndi m'busa zimakwera malo amene ng'ombe zimakana, ndipo ku Buffalo abusa achi Basque, ochokera kumalire a Spain ndi France, anayamba kufika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Manambalawa anawapangira ng'ombe zoyenda zokha m'mpanda. Zathu za linunda zimene m'busa amazitsogolera zimayenda mtunda woposa apo, choncho tengani kawerengedwe kake, osati manambala ake.

Ntchito imeneyi musayichite pa mapu a 1:125,000. Mpata wa makontuwa ake m'mapiri ndi mafiti 100, mamita 30, ndipo kaphompho ka mamita 25 kamabisala bwinobwino pakati pa mizere iwiri. Kasupe wa pamapu akale nayenso ndi wofunika kukamuwona ndi maso. Amene saveya anamupeza akutuluka mu July, chipale chitangosungunuka, angakhale wouma mu September. Mtsinje wojambulidwa ndi mzere wodukaduka wa timadontho titatu umayenda panyengo chabe.

Funso: Mapu a 1960 akuwonetsa msewu wokwera phiri. Ndingadutsepo ndi galimoto? (Wowerenga wa ku Salt Lake City)

Yankho: Mapu akuti msewu unalipo, sakunena kuti ndi wa aliyense. M'munsi mwa Bighorn malo a anthu, a boma la Wyoming ndi a Bureau of Land Management ndi osakanikirana, ndipo kulowa m'malo a mwini popanda chilolezo ndi mlandu. Kumtunda, m'nkhalango ya boma imene inatetezedwa mu 1897, misewu yambiri yakale inatsekedwa, ndipo yololedwa ili pa mapu apadera a Forest Service otchedwa Motor Vehicle Use Map. M'dera la Cloud Peak Wilderness galimoto sizilowa konse. Mukadutsa pa geti, lisiyeni m'mene mwalipezera.

Funso: Nanga kwathu kuno mapu otere alipo? (Bambo wa ku Mitundu)

Yankho: Alipo bambo, ngakhale sanayikidwe onse pamalo amodzi pa intaneti. Mapu a 1:50,000 a dziko lino anayamba ndi bungwe la ku Britain lokhazikitsidwa mu 1946, limene mu 1957 linatchedwa Directorate of Overseas Surveys, ndipo linkajambula pogwiritsa ntchito zithunzi za ndege. Ntchitoyi pano ili m'manja mwa dipatimenti ya boma yoona za usaveya. Sentimita imodzi ndi mamita 500, ndipo pa mapepala akale kutalika kwa malo kuli m'mafiti. Kwanuko muli pafupi ndi Dzalanyama, kumene boma linatsegula famu yaikulu ya ng'ombe cha m'ma 1970. Mapepala a zaka zosiyana a dera limenelo, mutawayika pamodzi, angakuwonetseni misewu, madambo ndi malire a nkhalango m'mene zinaliri.

Misampha ndi yomweyo. Chaka cha zithunzi za ndege n'chosiyana ndi chaka chosindikiza. Datum ya mapu athu akale ndi Arc 1950, ndipo mukayisakaniza ndi WGS84 ya pa foni mumaphonya ndi mamita 200 kapena kuposerapo, zomwe pa mlandu wa malire a munda si zazing'ono. Mayina nawo anasintha: Fort Manning ndi Mchinji, Fort Johnston ndi Mangochi, Port Herald ndi Nsanje, Fort Hill ndi Chitipa. Midzi yambiri imatchulidwa ndi dzina la mfumu ndipo imasamuka nalo, choncho dzina la mudzi lisakhale umboni wa malo. Ku America nakonso mayina amasintha. Mu 2022 boma linachotsa mayina a malo pafupifupi 650 okhala ndi mawu onyoza amayi a mitundu yoyamba ya kumeneko, ndipo kuti mupeze dzina lakale ndi latsopano mumasaka mu kaundula wotchedwa GNIS.

Funso: Ndili ndi pepala lakale lomwe layamba kung'ambika m'mapindo. Ndilimate ndi selotepi kapena ndilipange lamineti? (Mayi wa ku Zomba)

Yankho: Zonse ziwiri ayi. Guluu wa selotepi amalowa m'pepala, amasanduka wachikasu, ndipo banga lake silichoka. Lamineti imafuna kutentha ndipo mukayika simungayichotsenso. Tambasulani pepalalo pang'onopang'ono pa tebulo louma, muyike pepala loyera pamwamba ndi mabuku olemera kwa masiku angapo. Kenako lijambulitseni pa sikana pa 400 kapena 600 dpi, m'mphepete monse muwoneke, poti zaka, datum ndi sikelo zili m'menemo. Ngati sikana ndi yaing'ono, jambulani zigawozigawo zolowererana masentimita atatu kapena anayi.

Lisungeni chogona, losapinda, pakati pa mapepala opanda asidi kapena m'thumba la poliyesitala, osati la pulasitiki ya PVC. Likhale kutali ndi dzuwa ndi khoma lakunja. Ku Zomba mdani wamkulu ndi chinyezi cha dzinja: chikapitirira 65 peresenti nkhungu imayamba, choncho kabati ikhale yotukuka pansi ndipo muziyitsegula kuyang'ana chiswe ndi njenjete mvula ikamagwa. Polemba chilichonse gwiritsani ntchito pensulo yofewa, kuseri kwa pepala, ndipo kutchire muzipita ndi kope.